Grace Hopper ndi kadziwotche wa mu 1947

Mwatumiza ndalama pafoni, kwanu zachoka, koma amene mumamutumizirayo akulumbira kuti sadalandire ngakhale 1 tambala. Mukaimba kukampani, chinthu choyamba chomwe amakufunsani ndi nambala ija imabwera mu uthenga mukangotumiza. Ambirife apa timapsa mtima, timaona ngati akungotizungulitsa. Koma nambala imeneyo ndi chingwe chomwe katswiri wa kuseri amagwira potsatira ndalama yanu. Kompyuta iliyonse yomwe ndalamayo yadutsamo imalemba kamzere: nthawi yakuti ndalandira izi, ndachita izi, ndapereka kwa uyu. Zili ngati buku la OB lomwe apolisi ndi alonda amalembamo zochitika. Zolemba zimenezi akatswiri amazitcha log, cholakwika cha mu pulogalamu amachitcha bug, kutanthauza kachilombo, ndipo ntchito yochisaka ndi kuchichotsa amati debugging.

Mukafunsa aliyense amene adanunkhizako maphunziro a kompyuta kuti mawu akuti bug adachokera kuti, akutchulirani mayi wina wa ku America, Grace Hopper, ndi kadziwotche amene adafera m'makina. Nkhaniyo ndi yokoma, ndipo kukoma kwakeko ndi kumene kudaphimba ntchito yeniyeni ya mayiyu. Kudaphimbanso tsamba lomwe kadziwotcheyo adamatidwapo, lomwe kwa ine ndi lofunika kuposa kachilomboko.

Grace Brewster Murray adabadwa pa 9 Disembala 1906 mumzinda wa New York, woyamba mwa ana atatu. Bambo ake ankagwira ntchito ya inshuwalansi. Ali ndi zaka 7 adafuna kudziwa chomwe chimaliritsa wotchi ya alamu, ndiye adaimasula. Atalephera kuibwezera, adatenga ina kuti aonerepo. Pomwe mayi ake ankatulukira, mawotchi 7 adali atasanduka zidutswa. Kuno kwathu mwana wotero akadalawa mkwapulo basi. Mayi ake adangomusiyira wotchi imodzi kuti azilimbana nayo yomweyo.

Ali ndi zaka 16 adafunsira malo pa koleji ya Vassar koma adamubweza chifukwa sadakhoze bwino Chilatini. Adalowa chaka chotsatira, n'kumaliza mu 1928 ndi digiri ya masamu ndi fizikisi. Adapitiriza ku yunivesite ya Yale komwe adatenga digiri yachiwiri mu 1930 ndi ya udokotala wa masamu mu 1934, nthawi yomwe amayi ofika pamenepo adali owerengeka. Mu 1930 momwemo adakwatiwa ndi Vincent Hopper. Banja lidatha mu 1945 koma dzinalo adalisunga mpaka imfa.

Kuyambira mu 1931 ankaphunzitsa masamu ku Vassar, ndipo adali ndi khalidwe lomwe linkawawa ophunzira ake. Ankawauza kuti alembe chimangirizo chofotokoza masamu omwe achita, iye n'kuchonganso kalembedwe kawo. Ana ankadandaula kuti adabwera kudzaphunzira masamu, za chilankhulo adazisiya kukalasi ina. Iye sankasintha, poti kwa iye masamu omwe sungathe kufotokozera mnzako adalibe ntchito. Khalidwe limeneli mulisunge, likubweranso kutsogoloku.

Dziko la America litalowa m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu Disembala 1941, Hopper adafuna kulowa usilikali wa pamadzi. Adamukana. Ankati wakula, thupi lake n'lochepa chifukwa ankaperewera makilogalamu pafupifupi 7 pa sikelo yomwe ankafuna, komanso mphunzitsi wa masamu ngofunika komwe ali. Adakakamira mpaka adamulola mu Disembala 1943. Adamaliza maphunziro a usilikali ali nambala wani, ndipo mu Julayi 1944 adamutumiza ku yunivesite ya Harvard kukagwira ntchito pansi pa Howard Aiken.

Kumeneko adakumana ndi Mark I, makina omwe adapangidwa ndi kampani ya IBM. Iwalani kaye foni yomwe mukuwerengerapo nkhaniyi. Mark I idali yotalika pafupifupi mamita 16, yolemera matani opitirira 4, ndipo mawaya ake mutawalumikiza akadafika makilomita 800. Inkaphatikiza manambala katatu pa sekondi. Kuchulukitsa kunkatenga masekondi 6, kugawa pafupifupi 15. Malangizo ankawaboola ngati timabowo pa mzere wautali wa pepala. M'kati mwake mudali timaswichi masauzande toyendera maginito, totchedwa relay, tomwe tinkatseka ndi kutseguka usana ndi usiku, chifukwa makinawo ankawerengera za nkhondo ndipo sankapumula. Ngakhale John von Neumann adabwera nawo masamu a bomba la atomu mu 1944.

Tsopano taganizani makina otere atulutsa yankho lolakwika. Palibe sikirini yokuuzani kanthu. Vuto likhoza kukhala m'masamu a munthu amene adakonza malangizo, likhoza kukhala bowo lomwe labooledwa posayenera, kapena kaswichi kamodzi mwa masauzande aja katopa. Hopper ndi anzake awiri, Richard Bloch ndi Robert Campbell, ankayenera kupatula zinthu zimenezi chimodzichimodzi Aiken ali pakhosi. Olemba mbiri yake amasimba kuti kagalasi kodziyang'anira ka m'chikwama chake kadasanduka chida cha ntchito: ankazimitsa magetsi, n'kulowetsa kagalasiko m'makona a makina kufunafuna pomwe pakuthetheka moto. Aiken ankayendetsa malowo ngati sitima ya nkhondo, ndipo monga zimakhalira pa sitima, padali buku lomwe amene ali pa shifiti ankalembamo chilichonse chochitika ndi nthawi yake. Wobwera m'mawa ankayamba wawerenga zomwe wausiku adasiya.

Aiken yemweyo adamupatsa Hopper ntchito yolemba buku lofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka Mark I. Lidatuluka mu 1946, la masamba opitirira 500, ndipo lili m'gulu la mabuku oyambirira a mtundu umenewu. Dzina lake silidalembedwe ngati mlembi, ngakhale gawo lalikulu adalemba ndi iyeyo.

Ndiye tifike pa kadziwotche uja. Pa 9 Seputembala 1947, gulu la ku Harvard linkayesa makina atsopano, Mark II. Makinawo adayamba kuvuta, anyamata adafufuza, ndipo adapeza kadziwotche atapanikizika mu relay. Adamuchotsa, n'kumumata ndi tepi m'buku lija, pansi pake wina n'kulemba mwanthabwala kuti aka n'koyamba kupeza kachilombo kenikeni.

Nthabwala imeneyo payokha ikukuuzani kuti mawu akuti bug adalipo kale. Thomas Edison ankawagwiritsa ntchito m'ma 1870 ponena za tizovuta ta m'zipangizo zake, ndipo amisiri adapitiriza kuwatchula zaka zonsezo. Komanso akatswiri a ku Smithsonian, komwe bukulo likusungidwa, amati mwina silidali la Hopper. Sikuti ndi iye adatola kachilomboko. Chomwe adachita n'kuisimba nkhaniyo kwa zaka makumi ambiri, m'makalasi ndi m'misonkhano, mpaka idamumatirira. Choseketsa n'chakuti poisimba ankakonda kutchula chaka cha 1945. Ofufuza atabwerera ku bukulo ndi ku mbiri ya makinawo adapeza kuti chidali chaka cha 1947. Mutu wa dokotala wa masamu udaphonya ndi zaka ziwiri, pepala ndi lomwe lidakonza.

Chithunzi cha tsambalo chili pa intaneti, mukachifune, koma maso asathamangire pa kachilomboko. Muwerenge kumanzere, komwe kuli nthawi. Pa 08:00 adayambitsa masamu ena, pa 10:00 adawaimitsa, ndipo manambala omwe adatuluka adalembedwa. Pali mzere wonena za ma relay omwe adalephera mayeso ndi kuti adawasintha. Pa 11:00 adayambitsa tepi ina. Pa 15:25 adayamba kuyesa mbali yochulukitsa ndi yophatikiza. Pa 15:45 ndi pomwe pali kadziwotche, ndipo malo ake adalembedwa mosaphonya: relay nambala 70, panelo F.

Amene amalemba mapulogalamu lero akaona tsamba limeneli amalizindikira msanga, chifukwa log ya masiku ano ili ndi mafupa omwewo: nthawi, malo, chomwe chimachitika, chomwe chidatuluka. Kusiyana kwake n'kwakuti pano pulogalamu imadzilembera yokha, mizere mamiliyoni, ndipo mzere uliwonse umakhala ndi chizindikiro cha kulemera kwake. Wa DEBUG ndi tsatanetsatane wa amisiri, wa INFO ndi zochitika wamba, wa WARN ndi chenjezo, wa ERROR ndiye kuti zinthu zavuta. Pulogalamu ikagwa imasiya mndandanda wa masitepe omwe idadutsa mpaka pomwe idapunthwa, womwe amautcha stack trace. Imeneyo ndiyo relay 70, panelo F ya lero. Ndipo poti ntchito imodzi, monga kutumiza ndalama kuja, imadutsa m'makompyuta ambiri a makampani osiyana, amaipatsa nambala imodzi yoyenda nayo ponseponse kuti mizere yobalalikayo ithe kulumikizidwa.

Chifukwa chake zonsezi zili zofunika n'chakuti pulogalamu ikachoka pa laputopu ya amene adailemba n'kupita kwa anthu, mwini wakeyo saionanso. Ili m'mafoni a anthu omwe sadzakumana nawo, pa netiweki yodukaduka, batire ili pa 3 peresenti. Vuto likachitika 2 koloko usiku iye ali m'tulo, ndipo m'mawa sangalibwereze momwe lidachitikira. Chomwe ali nacho ndi zomwe pulogalamuyo idalemba. Ngati idangolemba kuti china chake chalakwika, popanda nthawi, popanda malo, ndiye kuti kwatsala kuombeza. Kulembanso mopyola muyeso kuli ndi ngozi yake. Mu Meyi 2018 kampani ya Twitter idapempha anthu opitirira 330 miliyoni kuti asinthe mapasiwedi itatulukira kuti ankalembedwa osabisika mu log ya m'kati mwa kampaniyo.

Tibwerere kwa Hopper. Nkhondo itatha adafuna kukhazikika mu usilikali koma adamukananso chifukwa cha zaka. Ku Vassar adamuitana kuti akakhale pulofesa, iye adakana. Mu 1949 adapita ku Philadelphia kukalowa kampani yaing'ono ya Eckert ndi Mauchly, yomwe inkapanga kompyuta ya UNIVAC ndipo idagulidwa ndi Remington Rand mu 1950. Zaka zimenezi sizidali zophweka. Wolemba mbiri yake Kurt Beyer adaulula kuti mayiyu ankalimbana ndi mowa, moti mu Novembala 1949 adamangidwapo ataledzera. Nkhani zomutamanda zambiri zimalumpha pamenepa. Ine ndikuona kuti n'kofunika kutchula, chifukwa ntchito yomwe timamukumbukira nayo kwambiri adaigwira atadzuka pamenepo.

Ku Philadelphia ankalemba malangizo m'manambala a octal, kawerengedwe kogwiritsa ntchito 0 mpaka 7 basi, momwe 7 kuphatikiza 1 amalembedwa 10. Adazolowera mpaka mabuku ake a kubanki adasiya kugwirizana. Mchimwene wake, yemwe ankagwira ntchito za banki, adakhala pansi n'kutsatira mzere ndi mzere, ndipo adapeza kuti mwa apo ndi apo mlongo wakeyo ankachotsera mu octal osazindikira. Apanso chidamupulumutsa n'chakuti zonse zidali zolembedwa. Phunziro lomwe iye adatolapo lidali lakuti munthu akamakakamizidwa kuganiza ngati makina amasokonekera, bola makinawo aphunzire kumva munthu.

Adaonanso chinthu china. Olemba mapulogalamu ankasunga m'makope tizidutswa ta malangizo tomwe tidayesedwa kale n'kupezeka kuti tikugwira, ndipo ankabwerekana n'kumakopera pamanja. Pokoperapo ndi pomwe tizilombo tinkalowera. Chilembo B chinkasanduka 13. Nambala 4 inkasokonezedwa ndi kachizindikiro ka makona atatu komwe kankaimira mpata. Kachidutswa kalikonse kankafunanso kuti manambala a malo ake awerengedwenso, ndipo anthu ankaphonya kuphatikiza. Hopper adaganiza kuti kukopera ndi kuphatikiza ndi ntchito zomwe kompyuta siphonya, nanga bwanji osaipatsa iyo? Adaika tizidutswa tonse pa tepi, kalikonse ndi nambala yake, n'kulemba pulogalamu yoti izitola ndi kulumikiza yokha. Imeneyo ndi A-0 ya mu 1952, yomwe adaitcha compiler. Ntchito yomwe inkadya masabata idayamba kutheka m'maola, koma anthu ambiri sadafune kuikhudza poti ankakhulupirira kuti kompyuta imangodziwa masamu basi.

Kenako adabwera ndi ganizo lomwe mabwana ake adaliona ngati misala: malangizo azilembedwa m'mawu a Chingerezi. Zidamutengera zaka pafupifupi zitatu kuti amumvere. Chidatuluka ndi chilankhulo cha FLOW-MATIC, chomwe munthu wa maakaunti ankatha kuwerenga n'kumva kuti apa tikuyerekeza, apa tikusamutsa, apa tikulemba. Pofuna kuonetsa kuti makina alibe nazo ntchito kuti mawuwo ndi a mtundu wanji, gulu lake lidapanganso chitsanzo cha Chifalansa ndi Chijeremani, ndipo mabwana aja m'malo mosangalala adachita mantha. Pamenepa ndimaganizira agogo kumudzi omwe foni imawalembera uthenga wa vuto m'Chingerezi chomwe ngakhale ine wa digiri chimandizunguza. Zoti makina sasankha chilankhulo zidaonetsedwa kale m'ma 1950.

Ambiri amati phindu la zimenezi lidali kufewetsa ntchito yolemba mapulogalamu. N'zoona, koma phindu lina lomwe silitchulidwa kawirikawiri ndi la tsiku lomwe zinthu zavuta. Pulogalamu yolembedwa m'manambala okhaokha amaimva ndi mwini wake yekha, mwinanso iyeyo pakatha miyezi 6 waiwala. Yolembedwa m'mawu, munthu wina amene sadaliko atha kuitsegula n'kuloza pomwe palakwika. Ndi mphunzitsi uja wa ku Vassar, wokakamiza ana kufotokoza masamu awo, atangosintha kalasi.

Mu Meyi 1959 akuluakulu a makampani ndi a boma adakumana ku Pentagon kuti apange chilankhulo chimodzi cha ntchito za malonda, ndipo kudabadwa COBOL. Pano pamafunika chilungamo. Hopper amatchedwa mayi kapena agogo a COBOL, koma iye adali mlangizi chabe wa komitiyo. Omwe adakhala pansi kulemba adali ena, kuphatikizapo Jean Sammet, yemwe mpaka imfa yake ankatsutsa zoti Hopper ndiye adapanga chilankhulocho. Chomwe palibe amakana n'chakuti COBOL idatengera kwambiri FLOW-MATIC. Mu Disembala 1960 pulogalamu imodzi ya COBOL idayenda pa makompyuta a makampani awiri osiyana, UNIVAC ndi RCA, chinthu chachilendo nthawi imeneyo. Mpaka lero mabanki ndi maboma ambiri akuyendabe pa COBOL.

Kumapeto kwa 1966 adamupumitsa usilikali ali ndi zaka 60. Sipadathe chaka, mu Ogasiti 1967 adamuitananso, ati kwa miyezi 6 yokha. Vuto lidali lakuti kampani iliyonse inkapanga COBOL yakeyake, ndiye pulogalamu yoyenda bwino pa kompyuta iyi inkagwa pa inayo. Gulu la Hopper lidakonza mayeso oti compiler iliyonse idutsemo isanagulidwe, kuti zolakwika zigwidwe zisanafike kwa ogwiritsa ntchito. Pambuyo pake ntchito ya mayeso otere idapita m'manja mwa bungwe la boma loona za miyezo, National Bureau of Standards, lomwe pano ndi NIST. Ntchito imeneyi ilibe kadziwotche woti n'kujambula, n'chifukwa chake simuimva. Miyezi 6 ija, kupatula kanthawi kochepa komwe adapumanso mu 1971, idakhala zaka 19.

M'zaka zimenezi adasanduka mphunzitsi woyendayenda. Mu ofesi mwake mudali wotchi yoyenda chobwerera m'mbuyo, yoti izikumbutsa alendo kuti chinthu sichiyenera kuchitika mwanjira imodzi chifukwa choti chidazolowereka. M'chikwama ankanyamula tizidutswa ta waya totalika masentimita 30 n'kumagawira anthu. Kutalika kumeneko ndi mtunda womwe kuwala kumayenda mu nanosecond, gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Akuluakulu a usilikali akafunsa chifukwa chomwe uthenga wodzera pa setilaiti umachedwera, ankawapatsa kawayako kuti awerenge okha kuti tingafunike tingati kukafika kumwambako. Adalinso ndi mkukuluzi wa waya wa mamita pafupifupi 300, woimira microsecond, womwe ankafuna kuti olemba mapulogalamu aziuona asanataye nthawi ya makina mwachisawawa. Log ya lero imalemba nthawi mpaka tizigawo ta sekondi totere, chifukwa pofufuza vuto pamafunika kudziwa chomwe chidayamba ndi chomwe chidatsatira.

Adapuma komaliza pa 14 Ogasiti 1986 ali ndi zaka 79, ali pa udindo wa rear admiral, pamwambo womwe udachitikira pa sitima yakale ya USS Constitution ku Boston. Sadakhale pakhomo, adalowa ntchito ya ulangizi ku kampani ya Digital Equipment Corporation. Adamwalira pa 1 Januwale 1992 ali ndi zaka 85 ndipo adaikidwa kumanda a asilikali a Arlington. Ana adalibe. Dzina lake lili pa sitima ya nkhondo ya USS Hopper, pa koleji ina ya ku Yale kuyambira mu 2017, ndi pa chingwe cha intaneti cha Google chodutsa pansi pa nyanja kuchokera ku New York kukafika ku Britain ndi Spain. Mu 2016 Barack Obama adamupatsa mendulo ya Presidential Medal of Freedom, patatha zaka 24 ali m'manda.

Buku lija lili ku National Museum of American History mumzinda wa Washington, kadziwotche akadali pomwepo pansi pa tepi yomwe idachita chikasu. M'munsi mwake muli mizere ina iwiri yomwe ojambula ambiri amaidula. Pa 16:30 makina adayambanso masamu aja adaimitsidwa m'mawa. Pa 17:00 adatseka.